Ma zoo atatu m'masiku anayi? Abale, anawo muwamvereko chisoni

Ndakhala ndikuona mapulani a holide amene anzanga mukuika pano, wina mpaka wajambula mapu ndi mizere yofiira, zoo iyi Lolemba, iyo Lachiwiri, ina Lachinayi, kumbuyo kwa galimoto kuli tiana titatu toti wamkulu sanakwane ndi zaka 7 zomwe. Ndimafuna ndingodutsa osanena kanthu koma mtima wakana, chifukwa ine zimenezi ndinazichitapo ndipo mpaka pano ndikakumbuka ndimangopukusa mutu. Maganizo anga ndi awa: ulendo wokaonetsa ana nyama pulani yake muipange poyang'ana miyendo ya mwana wamng'ono kwambiri m'galimotomo, osati poyang'ana mndandanda wa malo amene inuyo akuluakulu mwakhala mukulakalaka kukafika.

Ife tinanyamuka ndi ana awiri, wamkulu ali ndi zaka 6, kamng'ono zaka 3. Wopanga pulani ndinali ineyo, sindinamizira munthu. Ndinalemba zonse papepala, nthawi yonyamuka, nthawi yofika, nyama zoti tione, ma zoo atatu m'masiku anayi. Bambo awo anangoyang'ana pepalalo nkuti "mayi, anawa akwanitsa zimenezi?" ine nkuwayankha kuti ana amakonda nyama, muona nokha. Eee, ndinaonadi ndekha kkkk.

Tisanayende ndi mphindi 30 zomwe funso linayamba, "amami tafika?" Kenako "adadi kwatsala patali?" Ndiye poti ndimafuna mtendere ndinapereka foni kwa wamkulu kuti aziona makatuni, patapita kanthawi mwana uja anangoti zii, nkhope yasintha, ndisanatembenuke nkomwe wasanza pampando ponse, nsapato za mng'ono wake, chikwama changa, zonse. Ndinadzamva pambuyo pake chimene chimachitika. Mkati mwa khutu muli kachiwalo kamene kamamva kuti thupi likuyenda, likukhota, likugwedezeka, pamene maso ali pafoni akuuza ubongo kuti takhala phee, ndiye uthenga uwiriwu ukasemphana mseru umayamba. Ana a zaka zapakati pa 2 ndi 12 ndi amene zimawavuta kwambiri. Mankhwala ake oyamba ndi osavuta, foni ichoke m'manja, mwana aziyang'ana kutsogolo kutali, windo litsegulidweko pang'ono kuti mphepo izilowa. Ndipo zovala zosinthira, thaulo ndi jumbo zikhale pafupi pofikira dzanja, osati pansi pa masutikesi ku buti ngati mmene ndinalongedzera ine, mpaka tinatsitsa katundu yense m'mbali mwa msewu kufuna kabudula mmodzi.

Nthawi imene mapu a pafoni amakuuzani ija ndi ya munthu woyenda yekha wopanda chikhodzodzo. Ndi ana muziima maola awiri alionse, atsike, athamangethamange, apite kuchimbudzi ngakhale akukana kuti sakumva kanthu, chifukwa amene akukanayo ndi amene adzalire mukangolowa pamsewu waukulu poti simungaime. Wakhanda ndiye sayeneranso kukhala nthawi yaitali atamangidwa pa kampando kake kaja osatulutsidwako. Ulendo umene foni ikuti ndi wa maola 4 muziuwerengera 6, mukafika msanga ndi mwayi wanu.

Nde chifukwa cha zonsezi tinafika pa zoo yoyamba dzuwa lili paliwombo. Njira yonse ndinali nditawalonjeza mkango, mkango ubangula, mkango uli ndi manyenje, mpaka kumayeserera kubangula m'galimoto. Tafika pamalo pake paja, mkango uli gone kuseri kwa mwala, chimene chimaoneka ndi mchira basi ndi mwendo umodzi. Tinaima pamenepo, bambo awo anyamula kamng'ono paphewa, wamkulu akufunsa kuti "wafa?" Mkangotu sunalakwe, umagona ndi kupuma mpaka maola 20 pa tsiku ngakhale kutchire, umachangamuka kukada ndi m'bandakucha. Mvuu nayo masana imangokhala m'madzi, mumaona timakutu ndi mphuno. Nyama zambiri zimayendayenda m'mawa kusanatenthe, ndiye ngati pali chinthu chimodzi choti mutengepo pa zonse ndalemba apazi, mukagone pafupi ndi zoo usiku wake, geti ikamatsegulidwa inu muli pamenepo. Musayende ulendo wautali ndi kulowa mu zoo tsiku limodzi lomwelo. Komanso funsani pageti, kapena onani pa intaneti musananyamuke, nthawi imene amadyetsa nyama, chifukwa nthawi imeneyoyo ndi pamene ngakhale chaulesi chimadzuka.

China chimene sindinachiganizire ndi kukula kwa malowa. Pamapu amene amakupatsani pageti zonse zimaoneka zoyandikana, njovu apa, mbidzi apo, ngati ungoponda kawiri. Koma taonani, San Diego Zoo ya ku America ndi ya mahekitala pafupifupi 40, ya ku Pretoria ndi 85, mabwalo a mpira oposa 100 mutawandandalika. Nchifukwa chake malo ngati amenewa anaikamo timagalimoto toyenda pachingwe m'mwamba. Kamwana ka zaka 3 kamaponda kawiri pamene inu mwaponda kamodzi. Chikuku ndinachisiya dala kunyumba ati mwana wakula amayenda yekha, zotsatira zake tinasinthana kumunyamula ine ndi bambo ake mpaka msana unachita kuuma, thukuta kamukamu, aliyense wakwiyira mnzake popanda chifukwa. Tengani chikuku ngakhale mwanayo amathamanga kunyumba. Akakana kukweramo chinyamula madzi ndi zikwama.

Tsopano pamene ndinaphunzira nzeru ndi apa. Tikuthamangira kwa njovu, ine pepala lili m'manja, kamng'ono kanangoima pa mpanda wina waufupi nkukakamira. Mkatimo munali kamba wamkulu, mmodzi yekha, akudya tsamba. Palibe chodabwitsa chilichonse, kamba basi. Mwana uja ananjuta, manja agwira waya, kukamwa yasa, akuyang'ana mmene khosi lamakwinya lija limatulukira pang'onopang'ono, kuluma tsamba, kubwerera, kutafuna ngati nkhalamba yopanda mano. Ndinamukoka dzanja kawiri, "tiye tikaone njovu", iye osasuntha, nkunena motsitsa mawu ngati akuopa kumudzidzimutsa kuti "amami dikirani amalize." Bambo ake anandiyang'ana nkukhala pabenchi. Tinakhala pamenepo nthawi yaitali ndithu, mwina theka la ola, wamkulu nayenso anabwera nkuyamba kuwerenga timabokosi ta pachigoba, nkumafunsa ngati kamba amatha kuvula chigobacho akafuna kusamba. Bambo wina wosamalira nyama amadutsa ndi ndowa, anamva funsolo nkuima, anamufotokozera kuti chigobacho ndi mafupa ake enieni, nthiti ndi msana zinalumikizana pamenepo, sangatulukemo. Mwana uja anadzigwira nthiti zake, maso ali tong'o. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ine ndi pepala langa lija ndikanawadutsitsa ana pamenepo ngati tikuthawa mvula.

Njovu tinakaziona, anaziyang'ana mphindi ziwiri nkuti zikununkha.

Tsiku lachiwiri tinadzuka m'mamawa, ana akulira ndi tulo, maola enanso pamsewu, zoo yachiwiri. Tangolowa wamkulu akuti "izi tinaziona kale dzulo." Ndipo samanama. Kwa ife akuluakulu pali kusiyana, iyi ili ndi chipembere, iyo inalibe, koma kwa mwana mbidzi ndi mbidzi, nyani ndi nyani. Pofika masana kamng'ono kanadzigwetsa pansi pakati panjira, kulira kosatonthozeka, anthu akutilambalala, ena kutiyang'ana mwachisoni poti anazionapo. Madzulo ake bambo awo anangoti "yachitatuyo ayi", ine ndinayamba kutsutsa kuti matikiti, kuti pulani, kuti tabwera kutali, kenako ndinayang'ana ana atagona ndi nsapato kumapazi nkungokhala chete. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, pusi wake ndinali ine. Tsiku lachitatu sitinapite kulikonse, ana anasewera pa kapinga pamalo amene tinagona, kuthamangitsa abakha, ndipo ndi tsiku limene palibe amene analira.

Ndikudziwa ena muti koma ulendo ngati umenewu sumachitika chaka chilichonse, mafuta tawononga, tchuthi kuntchito tachita kupempha, ndiye tione zambiri mmene tingathere. Ndikukumvani, ndi mmene ndimaganizira inenso. Koma funso ndi loti zambirizo akuona ndani? Mwana wotopa saona kanthu, amangoona miyendo ya anthu ndi dzuwa. Zithunzi mubwera nazo zambiri inde, koma mukadzaziyang'ana bwino mudzapeza kuti kuyambira pa chithunzi cha 20 palibe mwana amene akuseka. Ngati mtima wanu uli pa ma zoo awiri, ikani tsiku lopuma pakati, ndipo asiyane mtundu, ina ya nyama zikuluzikulu, ina ya nsomba kapena mbalame. Mukalowa musankhe nyama zitatu kapena zinayi, mwana aliyense atchule yake, zinazo ndi bonasi. Maola atatu akwana, tulukani anthu akadali osangalala.

Ndipo poti mukuchepetsa, sankhani bwino, si malo onse olembedwa kuti zoo amene ndi oyenera kupitako ndi mwana. Ma zoo ndi akale, ya ku Vienna yotchedwa Schönbrunn inayamba mu 1752 ndipo ikugwirabe ntchito, London Zoo inatsegulidwa mu 1828, ndipo nthawi imeneyo nyama zimangotsekeredwa m'zikhola zazitsulo anthu nkumaziyang'ana. Carl Hagenbeck, mwini zoo wa ku Germany, ndi amene anasintha zinthu mu 1907 mumzinda wa Hamburg, anachotsa zitsulo nkukumba maenje akuluakulu olekanitsa nyama ndi anthu kuti nyama zikhale pamalo otakasuka. Zaka zoposa 100 zadutsa koma malo ena akadali m'nthawi ya zikhola. Mukaona kambuku akungoyenda uku ndi uku pamzere umodzi womwewo mpaka pansi pachita kanjira, kapena njovu ikungogwedeza mutu osaleka, si masewera amenewo, nyamayo yasokonezeka ndi kutsekeredwa. Ndipo ana amaona, wanga wamkulu anandifunsa pa zoo yachiwiri ija kuti "akufuna kutuluka eti?" ine kusowa choyankha. Musananyamuke fufuzani ngati malowo ali m'bungwe lowayang'anira, monga WAZA lomwe ndi la dziko lonse, kapena mabungwe a m'zigawo amene ali pansi pake. Malo amene amakupatsani mwana wa mkango kuti mumunyamule mujambulitse, ine ndimati ayi. Dzifunseni kuti mayi ake ali kuti, nanga akakula osanyamulikanso amapita naye kuti.

Za chitetezo sinditalikitsa koma ndinene. Mu 2016 ku Cincinnati Zoo ku America mwana wa zaka 3 anadutsa mpanda nkugwera m'malo a gorila wotchedwa Harambe, ndipo gorilayo anawomberedwa kuti mwana apulumuke. Anthu anatukwana mayi ake pa intaneti dziko lonse, koma aliyense amene analerapo mwana wa zaka 3 akudziwa kuti kuphethira kumodzi kokha wapita. Ndiye gawanani, uyu ndi wako uyu ndi wanga, zinenedwe pakamwa, osati aliyense kumaganiza kuti mnzake ndi amene akuyang'ana. Musamukhazike mwana pamwamba pa mpanda ati aone bwino. Lembani nambala ya foni pakapepala muike m'thumba mwake, ndipo m'mawa mumujambule chithunzi kuti akasowa musayambe kukangana kuti anavala malaya amtundu wanji. Kumalo kumene amalola ana kugwira mbuzi ndi nkhosa, akatuluka asambe m'manja ndi sopo ndi madzi asanagwire chakudya kapena kuika chala mkamwa, sanitaiza yekha sapha tizilombo tonse, ndipo tizilombo totsegula m'mimba monga E. coli ndi Salmonella timagwira kwambiri ana osakwana zaka 5. Kamba amene tinamukonda uja ndi wongoyang'ana, iye ndi abuluzi ndi njoka amanyamula Salmonella ngakhale akuoneka aukhondo. Chomaliza, mwana akagona m'galimoto pamene mwafika, musamusiye ati ndingokagula matikiti. Galimoto yotseka padzuwa kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu. Mudzutseni alire, kapena wina atsale naye.

Chaka chino tikupitanso, zoo imodzi, masiku awiri, tikagona pafupi. Pepala ndalembanso poti khalidwe silisintha, koma lili ndi mizere inayi yokha. Wamkulu wasankha nyamalikiti chifukwa anamva kusukulu kuti khosi lake lonse lija lili ndi mafupa 7 okha ngati lathu ndipo sakukhulupirira, akuti akawerenga yekha. Bambo awo akufuna akaone mkango uli maso ngakhale kamodzi. Kamng'ono nditakafunsa sikanaganize nkomwe, kakuti tikaone ngati kamba uja anamaliza tsamba lake.