Zoimbaimba za ku sitandade 1 zija si masewera ayi

Pali anthu kuno ku Mangochi akamadutsa pa sukulu nkumva ana a sitandade 1 akuimba uku akuomba m'manja amayamba kunena kuti aa aphunzitsi a masiku ano ulesi basi, ana akungoimba m'malo mophunzira. Abale anga, ine mawu amenewa amandiwawa kwabasi, chifukwa kuimba kumeneko ndiye kuphunzirako.

Taganizani mwana wa zaka 6 wa ku Makanjira, Katuli kaya Namwera, kunyumba ndi Chiyao chokhachokha, mayi Chiyao, agogo Chiyao, anzake osewera nawo Chiyao, ndiye wafika kusukulu wasesa pabwalo, belu lalira, asembule yatha, walowa m'kalasi wakhala pansi pasimenti ndipo amadamu akulankhula Chichewa, pakangopita nthawi pang'ono asintha ayamba Chingerezi. Zilankhulo ziwiri zachilendo m'mawa umodzi. Mwana ameneyu mukamuloza yekha kuti ayankhe amangozolika, koma mukayambitsa nyimbo amatsegula pakamwa limodzi ndi anzake ndipo mawu aja amayamba kukhazikika osaopa kusekedwa.

Chiyambireni National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, mu 2016 kaphunzitsidwe ka kuwerenga kali ndi ndondomeko yake. Mphunzitsi amayamba yekha kutchula liwu la lembo, kenako amatchula limodzi ndi ana, pomaliza ana amatchula okha. Lero m, aphatikiza ndi a kukhala ma, kenako me, mi, mo, mu, mpaka mwana kuwerenga yekha liwu loti amama. Amalemba kaye m'malere ndi chala, kulemba pansi, kenako mu kope. Masamu nawo ndi zitsekerero za mabotolo, timiyala, timitengo tomanga m'mitolo ya khumi khumi, aphunzitsi amati TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Mukaona mwana akutolera zitsekerero pa golosale musamukalipire, ndi zipangizo za kusukulu zimenezo.

Komanso ife a kuno sitikuyenera kudabwa ndi zobwerezabwereza. Ku madrasa masana ana amatchula alif, ba, ta mokweza onse pamodzi tsiku ndi tsiku mpaka kudziwa kuwerenga, ndipo palibe kholo limene limati kumeneko akusewera. Njira yake ndi yomweyo.

Chimene chikutipweteka kwenikweni ndi kujomba. Maphunziro amenewa anawasanja motsatana, la lero likutsamira pa la dzulo. Ndiye usipa ukagwidwa wambiri mwana Lolemba ali kudoko akuthandiza kuyanika pa thandala, Lachiwiri wabwera, Lachitatu ndi tsiku la msika akagulitse mandasi, mtsikana naye watsala akulera mng'ono wake chifukwa mayi apita kumunda. Akabwerera anzake adutsa malembo angapo, ndipo m'kalasi la ana oposa 100, pomwe boma lenilenilo limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, amadamu sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha mwana mmodzi, ngakhale atafunitsitsa bwanji. Kuchonga makope okhako nthawi yatha kale. Mwana uja amangokwera makalasi kapena kubwereza, kufika sitandade 4 dzina lake lomwe likumuvuta, kenako tiyamba kunena kuti mutu wake ndi wouma, wasiya sukulu, akudikira akule apite ku Joni. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994 inde, koma ulere wake umagwira ntchito kwa mwana amene ali m'kalasimo.

Makolo anzanga, ngakhale inuyo simunapite patali ndi sukulu, madzulo mufunseni mwana kuti lero mwaphunzira lembo lanji, alilembe pamchenga muone, aimbe nyimbo imene aimba. Ngati kusukulu kwawo kuli phala musaiwale kumupatsa kapu.

Kwa ahedi ndi ma PEA, alangizi a maphunziro oyang'anira masukulu a pulayimale, pempho langa ndi lakuti sitandade 1 ndi 2 musamaike mphunzitsi wongotsala pogawana makalasi, onse odziwa ntchito nkuwaunjika ku sitandade 8 chifukwa cha mayeso a MANEB. Ikani kumeneko waluso, woleza mtima, ndipo ngati alipo womva Chiyao ndiye bwino kwambiri, kuti mwana akasokonezeka athe kumufotokozera m'chilankhulo cha kwawo kenako nkupitiriza phunziro.