Njinga ya Antonio, ndi chifukwa chake sindisiya kuonera mafilimu akale

Dzulo mphwanga anandipeza ndikuonera filimu pa laputopu. Anasuzumira pang'ono n'kufunsa kuti, "Achimwene, mwasowa zoonera mpaka mukafike pa za black and white?" Ndinamukokera mpando. Filimu yake inali Ladri di biciclette ya Vittorio De Sica, yomwe inatuluka ku Italy mu 1948. Pa Chingerezi amati Bicycle Thieves, ife tingoti Akuba Njinga. Maganizo anga ndi akuti sindinaonepo filimu ina yomwe imamvetsa munthu wosauka, ndi kumulemekeza, kuposa imeneyi.

Nkhani yake ndi yaifupi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse yangotha kumene, mu mzinda wa Rome ntchito zikusowa. Bambo wina, Antonio Ricci, wapeza ntchito yomata zithunzi zotsatsa mafilimu m'makoma, koma amuuza kuti wopanda njinga asabwere. Njinga ali nayo, koma anaipinyolitsa kuti ana adye. Mkazi wake Maria sakulankhula zambiri. Akulowa kuchipinda, akuyalula nsalu zapabedi, akuzichapa, n'kupita nazo ku pinyolo kuti akaombole njinga ija. Nsaluzo ndi zomwe anabwera nazo pa ukwati.

Apa ndi pamene ndimafuna aliyense aonetsetse. Antonio ali pazenera kudikira njinga yake, ndipo akuona wantchito wa pa pinyolopo atanyamula mtolo wa nsalu zawo akukwera mashelefu. Kamera ikumutsatira akukwera, akukwerabe, ndipo shelefu iliyonse yadzaza mitolo ya nsalu za mabanja ena mpaka kudenga. Palibe amene akutiuza kuti umphawi wavuta mu Rome. Taona tokha kuti mabanja osawerengeka akugona pa matilesi opanda choyala. Filimu ya masiku ano ikanaika munthu wolira mokuwa ndi wina wofotokoza. De Sica anangoloza kamera m'mwamba.

Tsiku loyamba kuntchito, Antonio ali pa makwerero akumata chithunzi cha Rita Hayworth, katswiri wa mafilimu wa ku America, mnyamata wina akudumphira pa njinga ija n'kuliyatsa liwiro. Basi. Filimu yonse yotsalayo ndi bambo ndi mwana wake Bruno akuyendayenda mu mzinda kufunafuna njinga.

Ena amati nanga nkhani ya njinga imodzi n'kukhalira pansi ola ndi theka? Amene amayankhula choncho sanaonepo wakabaza atabedwa njinga. Malume anga ankapalasa kabaza, ndipo tsiku lomwe anawabera njinga pa msika anafika kunyumba wapansi, kansalu kopukutira chishalo kali m'manja. Nsima sanaikhudze. Choncho Antonio akafika kupolisi, wapolisi n'kumuuza kuti akaifune yekha chifukwa ndi njinga chabe, ine mtima umandiwawa ngati ndikumva za kwathu. Pa msika wa Piazza Vittorio akupeza njinga zitaphwasulidwa kale, mafelemu apa, matayala apo, mabelu ndi mapampu pa tebulo lina, wina akupenta felemu yomwe sakufuna kuti muone nambala yake. Amene anafunapo katundu wobedwa pa msika akudziwa mmene maso amatopera, chilichonse chimaoneka ngati chako.

De Sica sanafune akatswiri a zisudzo. Lamberto Maggiorani, yemwe ndi Antonio, anali wantchito wa mufakitale. Enzo Staiola, yemwe ndi Bruno, anali kamnyamata komwe anakapeza mumsewu. Anajambula m'misewu yeniyeni, osati mu studio, monga ankachitira anzake a gulu la opanga mafilimu oonetsa moyo weniweni wa anthu wamba lomwe limatchedwa neorealism, limodzi ndi mlembi Cesare Zavattini. N'chifukwa chake mayendedwe a Antonio ndi a munthu wozolowera kuyenda wapansi, jekete likulendewera, ndipo kamwanako kakuthamangira kumbuyo kuti kafanane naye mapazi. Zimenezi munthu sangaziphunzire kusukulu ya zisudzo.

Kunena zoona, kwa ine mwini filimu ndi Bruno. Kamwana aka kamagwira kale ntchito pa malo omwetsera mafuta, kamapukuta njinga ya bambo ake m'mamawa, n'kudandaula kuti a pinyolo aiphwanya penapake. Tsiku lonse lofunafuna lija kakuyang'ana nkhope ya bambo ake kuti kadziwe ngati zinthu zili bwino. Mvula itawapeza pa msika wa Porta Portese kakugwa m'matope, bambo ake osaona n'komwe. Kenaka Antonio, mutu utaima, akukawomba mbama popanda chifukwa chenicheni. Kakuyenda patali, kakulira, kakuti kakanena kwa amayi. Bamboyo pofuna kupepesa, poti pakamwa sipangatuluke mawu oti pepa, akukatengera ku lesitilanti yomwe sangaikwanitse. Akudya buledi wokazinga wa chizi, Bruno akucheukira mwana wa anthu olemera pa tebulo lina yemwe mbale zikungomubwerera. Ndi abambo angati kwathu kuno omwe amapepesa ndi botolo la Fanta m'malo mwa mawu?

Sindikuti filimuyi ilibe pofooka. Nyimbo zake nthawi zina zimakukakamiza kumva chisoni pomwe chithunzi chakwanitsa kale ntchitoyo. Ndipo chimandinyansa n'chakuti Maria, yemwe anaombola njinga ndi nsalu zake, akungosowa nkhani ikafika pakati. Mayi wolimba mtima chotere anayenera kupatsidwa malo ambiri.

Koma taonani zomwe ikuchita ndi wakuba uja. Antonio akumupeza ndithu. Ndi mnyamata wosauka kuposa iye, amakhala m'kachipinda kamodzi ndi amayi ake ndi abale ake, ndipo atapanikizidwa akugwa pansi n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Anthu a m'dera lake akumuikira kumbuyo, umboni palibe, njinga palibe. Filimu zomwe tinakulira m'mavidiyo sho zinatizoloweretsa kuti woipa amenyedwe pamapeto, tonse tiwombe m'manja. Pano ukufuna kumuda mnyamatayo koma chidani sichikugwira.

Dzina la filimuyi pa Chitaliyana likunena akuba ambiri, osati mmodzi. Ku America anaitulutsa ndi dzina lonena wakuba mmodzi, ndipo ine ndimati analakwitsa kwambiri, chifukwa wakuba wachiwiri ndi Antonio mwini. Kunja kwa bwalo la mpira, njinga zili mbwee, iye akuyenda uku ndi uku, akukhala pansi, akudzukanso. Akupatsa Bruno ndalama kuti akakwere tram, sitima yoyenda m'misewu ya mu mzinda, kamwanako kakuchedwa, ndipo kakuona ndi maso ake bambo ake akupalasa njinga ya eni, chikhamu cha anthu chili pambuyo kukuwa kuti wakuba. Akumugwira, akumuwomba makofi, chipewa chikugwa. Mwini njinga akuyang'ana kamwana kakulirako n'kunena kuti musiyeni azipita.

Filimuyi inalandira mphoto yapadera ya Oscar mu 1950, ndipo mu 1952 magazini ya Sight and Sound itafunsa akatswiri ounika mafilimu, inakhala nambala wani pa dziko lonse. Koma chomwe chimandikhudza ine ndi anthu omwe inawatsegula maso. Wopanga mafilimu Satyajit Ray anaionera ku London mu 1950, n'kubwerera ku India kukajambula Pather Panchali ndi anthu wamba. Ousmane Sembène wa ku Senegal mu 1963 anajambula Borom Sarret, nkhani ya woyendetsa ngolo ku Dakar yemwe akulandidwa ngolo yake, ndipo ukaionera umaona kuti ndi pachibale. Achinyamata athu omwe akujambula mafilimu ndi kamera imodzi, akudandaula kuti alibe ndalama za magalimoto ophulika ndi nyumba zapamwamba, ndikanakonda akanaonera mafilimu atatu amenewa asanalembe nkhani ina ya bwana wolemera ndi chibwenzi chake. Pa siteji ya kabaza pali nkhani zomwe palibe akuzijambula.

Pomaliza penipeni Bruno watola chipewa cha bambo ake, akuchipukuta fumbi. Awiriwo akuyenda m'chikhamu cha anthu ochokera ku mpira, Antonio akulephera kugwira misozi, ndipo kamwanako kakumugwira dzanja. Mphwanga anakhala chete mpaka zilembo zitayamba kuoneka. Kenaka anafunsa kuti, "Ndiye mawa lake adya chiyani?" Anandipempha kuti ndimuikire filimuyo pa flash.