A ku South Africa anawerenga maenje awo, ife tikungowerenga chuma

Mwezi wa April nditapita kumudzi, ndinapeza amalume ali pachisoni chifukwa ng'ombe yawo yapangolo inali itagwera m'chidzenje chimene kampani ina inasiya itakumba miyala zaka zambiri zapitazo. Dzenjelo linadzaza madzi a mvula, udzu unamera mpaka m'mphepete mwake, ndipo ng'ombe imene inkapita kukamwa inaterereka n'kumira anyamata oweta akungoyang'ana. Ana a sukulu amadutsa pomwepo m'mawa ndi masana. Ndinapita ku ofesi ina ya boma kukafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi dzenje limeneli linalembedwa m'kaundula uti, ndipo amene ayenera kulikwirira ndani. Bambo amene ndinawapeza anandilandira mwaulemu, anatsegula mafayilo awiri, kenako anandiuza kuti iwo amasunga mayina a anthu amene ali ndi ziphaso zokumbira, osati maenje amene anthuwo anasiya. Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo umene sunathebe mpaka lero.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndakhala zaka zambiri kumadzulo kwa Johannesburg, kumene milu yachikasu ya dothi lochokera m'migodi ya golide imaoneka ngati mapiri, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko funso langa likanakhala ndi poyambira. Boma la South Africa linapatsa bungwe la Council for Geoscience ntchito yolemba migodi yonse imene eni ake anaithawa kapena sakudziwikanso, ndipo chiwerengero chimene mkulu wofufuza za chuma cha boma anatchula ndi migodi pafupifupi 6,100. Kaundulayo amasonyeza malo amene mgodi uli, mwala umene unkakumbidwapo, ndiponso ngozi imene ungabweretse kwa anthu okhala pafupi, kotero kuti ndalama zikapezeka amadziwa poyambira. N'chifukwa chake anayamba ndi migodi ya asibesitosi, imene fumbi lake limawononga mapapo, komanso kutseka zitsime zakuya za migodi zimene zili pafupi ndi nyumba za anthu. Malamulo awo amanenanso kuti kampani iziika padera ndalama zokonzera malo, ndipo udindo wake sutha mpaka boma litaipatsa chikalata chotsekera mgodi.

Ife kwathu ku Malawi luso lowerenga tili nalo, koma timaligwiritsa ntchito mbali imodzi. Tonse tikukumbukira Kauniuni, pamene ndege zinkauluka chapansipansi kuyeza zimene zili m'nthaka ya dziko lonse, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu 2015 ndi chisangalalo chachikulu. Lero mwana wa sekondale angathe kukutchulirani malo a miyala yamtengo wapatali monga Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe, Songwe ku Phalombe ndi Kanyika ku Mzimba, ndipo pa intaneti pali mapu osonyeza amene anatenga chiphaso pa dera lililonse. Chuma chimene sichinatuluke n'komwe tinachiyeza kuchokera kumwamba, koma dzenje limene lameza ng'ombe ya amalume, loti munthu angathe kuliyeza ndi chingwe, palibe analilemba. Zikuoneka ngati mgodi timaukonda ukadali lonjezo, ndipo ukasanduka dzenje timauiwala monga mmene anthu amaiwalira mkamwini amene chuma chamuthera.

Nkhani ya ku Mwabulambo m'boma la Karonga inayenera kutitsegula maso kalekale. Mgodi wa malasha wa kumeneko unasiya kugwira ntchito mu 2015, ndipo lipoti la 2016 la bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linafotokoza za maenje osakwirira ndi milu ya malasha zimene zinatsala pakati pa midzi. Kumeneko kunali kampani yodziwika, ndipo nkhani inamveka mpaka kunja. Nanga maenje a anthu okumba golide m'mphepete mwa mitsinje, amene amasamuka usiku akamva kuti kwina kwatuluka golide wambiri, kapena maenje a miyala ya kwale ndi dothi lomangira misewu amene ali pafupifupi m'boma lililonse, adzawakumbukira ndani?

Pano ndiyenera kuvomereza, ngakhale sizikundikomera, kuti kaundula wa anzathuwo sanawapulumutse. Migodi imene yakonzedwa ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi 6,100 ija, ndipo pa liwiro limene akuyendera, zidzukulu zawo zidzapezabe ntchitoyo ili pakati. Zitsime zimene amatseka ndi konkire, anyamata okumba popanda chilolezo otchedwa zama zama amazitsegulanso. Ku Stilfontein mu January 2025, m'mgodi wakale wa golide anatulutsamo anthu 246 amoyo ndi mitembo 78, ambiri mwa iwo ochokera m'mayiko oyandikana nawo. Ku Jagersfontein mu September 2022 damu la matope a mgodi wa dayamondi linaphulika n'kukokolola nyumba za anthu. Kufupi ndi Krugersdorp madzi a asidi anayamba kutuluka m'migodi yakale mu 2002, ndipo aliyense amene anaonapo mtsinje wofiira ngati dzimbiri sangatamande dzikolo ndi mtima wonse. Komanso sindiiwala kuti ambiri mwa maenje amenewo anakumbidwa ndi manja a agogo athu amene anapita ndi Wenela ndi TEBA, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za m'migodi, ena n'kubwerako ndi chifuwa chosatha, ena osabwerako n'komwe, monga aja oposa 70 amene anafa pa ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974. Dziko limene linalemera ndi thukuta lathu silingandiphunzitse chifundo. Komabe likhoza kundiphunzitsa kuwerenga, chifukwa iwo akalephera, nyumba ya malamulo ndi atolankhani amatenga nambala ija n'kufunsa nduna kuti mwakonza ingati, pamene ife tilibe ngakhale nambala yoti tiyambire mkangano.

Za ku Zambia sindinena zambiri, popeza ambiri a inu mumazidziwa. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mulu wa zinyalala zake ulipobe, ndipo ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu m'magazi. Ku Kitwe, mulu wotchedwa Black Mountain unagumuka mu June 2018 n'kupha anthu osachepera 10 amene ankatolapo miyala. Abale athuwo milu yawo amaidziwa ndi mayina, ndipo mu 2016 World Bank inavomereza ngongole yothandizira kukonza malo otere, koma kudziwako kunabwera poizoni atalowa kale m'nthaka. Amene amanena kuti Zambia yatiposa pa migodi amanena zoona, kungoti yatiposanso pa zimene migodi imasiya.

Ubwino umene tili nawo, ndipo ndikuunena monyadira, ndi wakuti migodi yathu ikadali yochepa. Kayelekera, Mchenga, Kaziwiziwi, Changalume ndi ina yotere munthu angathe kuitchula asanamalize kapu ya tiyi. South Africa inayamba kulemba maenje ake patapita zaka zoposa 100 golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, pamene makampani ambiri anali atatha ndipo panalibenso woti n'kumulipiritsa. Ife eni maenje ambiri akadali moyo, ena timakumana nawo m'maukwati. Tili ndi nthambi yoona za miyala ku Zomba, tili ndi bungwe loyang'anira migodi limene linabwera ndi lamulo la 2023, tili ndi bungwe loteteza chilengedwe, ndiponso tili ndi mafumu amene amadziwa dzenje lililonse la m'dera lawo kuposa ndege iliyonse. Ntchito yake siifuna mabiliyoni: munthu mmodzi pa boma lililonse, njinga yamoto, foni yojambula ndi kusonyeza malo, ndi fomu yofunsa kuti anakumba ndani, ankakumba chiyani, dzenje ndi lakuya bwanji, muli madzi kapena ayi, ndipo nyumba, sukulu kapena chitsime chapafupi chili pa mtunda wotani.

Ndisanabwerere ku Joni, ine ndi amalume tinadula nthambi za minga n'kutchinga mbali ya dzenje imene ili kunjira ya ana a sukulu. A nyakwawa anatenga kope limene amalembamo maliro ndi milandu ya malire, natsegula tsamba lakumapeto, n'kulembapo dzenje lathulo pamodzi ndi ena 4 amene anawakumbukira pomwepo. Anandipempha kuti ndikadzabweranso mu December ndidzawagulire kope lina lachikuto cholimba, chifukwa mafumu anzawo a tsidya la mtsinje nawonso ali ndi maenje awo.