Lekani kumata mavesi a Chivumbulutso pa botolo la katemera

Abale mwa Ambuye, makamaka inu oima pa guwa ndi inu amene chala sichichedwa kutumiza uthenga pa WhatsApp, tamverani. Khalidwe lotola vesi imodzi, kuidula mutu ndi mchira, n'kumaopseza nayo anthu kuti katemera wa COVID-19 ndi chizindikiro cha chilombo, ndi loipa kwambiri. Gogo wodwala shuga akukana jakisoni chifukwa anamva kwa inu kuti akabayitsa ndiye kuti kumwamba wakutaya. Akadwala n'kutisiya, mlanduwo adzayankha ndani?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsegulani Chivumbulutso 13:16-18. Chizindikiro chikuikidwa pa dzanja lamanja kapena pamphumi. Katemera amabaya mu mnofu wa pamwamba pa mkono, chakuphewa, ndipo ambiri amapereka mkono wamanzere. Pitirizani mpaka 14:9, muona kuti chizindikirocho chikuyendera limodzi ndi kulambira chilombo ndi fano lake. Ndi nkhani ya munthu kusankha mbuye wake akudziwa. Kodi alipo namwino amene anakuuzani kuti mukane Khristu musanapinde malaya?

Yohane analemba buku limeneli atakhala pa chilumba cha Patmos, kulembera mipingo isanu ndi iwiri ya ku Asia, kumene mfumu ya Roma inkapembedzedwa ngati mulungu. Liwu la Chigiriki lakuti charagma linkatanthauza chidindo, monga cha mfumu pa ndalama ndi pa zikalata zamalonda. Masiku amenewo zilembo zinkagwiranso ntchito ya manambala. Dzina lakuti Neron Kaisar likalembedwa m'Chiheberi, zilembo zake ndi 50, 200, 6, 50, 100, 60 ndi 200. Phatikizani nokha: 666. Mukachotsa N womaliza wa Neron mutsala ndi 616, ndipo mipukutu ina yakale ili ndi 616 yemweyo. Neron ameneyu ndi Nero, mfumu ya Roma ija inazunza Akhristu moto utawononga Roma m'chaka cha 64. Akhristu ena amakhulupirira kuti ulosiwu udzakwaniritsidwanso m'tsogolo. Chabwino, koma dzanja, mphumi ndi kulambira sizichoka m'vesimo.

Enanso mwagwira liwu la Chigiriki lakuti pharmakeia pa Chivumbulutso 18:23 n'kumati Baibulo likudzudzula mankhwala akuchipatala. Pamenepo akunena za nyanga ndi matsenga. Paulo yemwe pa Akolose 4:14 akutcha Luka sing'anga wokondedwa.

Tsono za mphekesera yakuti katemerayu amasintha DNA, malangizo a chibadwa a m'thupi lanu. Katemera wa Pfizer ndi wa Moderna ali ndi mRNA, kauthenga kokutidwa m'timadontho ta mafuta. Mlingo wa Pfizer wa munthu wamkulu ndi mamaikulogalamu 30, ndipo m'botolomo mulinso mchere ndi shuga. Kauthengako kakalowa mu selo, selo limapanga puloteni yofanana ndi minga ya kachilombo ka korona, chitetezo cha m'thupi n'kuiphunzira. DNA yanu imakhala m'kachipinda kotsekeka pakati pa selo, ndipo mRNA simalowamo. Pakapita masiku thupi limaiphwanya, monga limachitira ndi mRNA yake yomwe limapanga tsiku lililonse. Ntchitoyi sinayambe dzulo: asayansi Katalin Karikó ndi Drew Weissman anasindikiza zomwe anapeza za mRNA mu 2005, n'kulandira mphoto ya Nobel mu 2023. Katemera wa AstraZeneca ndi wa Johnson & Johnson ndi wa mtundu wina, wonyamula DNA m'kachilombo kamene sikangathe kuswana m'thupi. Musamawaike m'thumba limodzi.

Nanunso amene mumauza anthu kuti palibe vuto ngakhale limodzi, mukulakwa chimodzimodzi, chifukwa bodza lanu ndilo limapatsa mphamvu mabodza enawa. Mavuto alipo, ndi osowa, ndipo ali ndi zizindikiro. Thupi la ena limadana ndi zosakaniza za katemera pakangopita mphindi zochepa: milomo kutupa, zidzolo, kubanika. N'chifukwa chake amati dikirani mphindi 15, kapena 30 ngati zoterezi zinakuchitikiranipo. Inu mumadzuka n'kuthamangira zanu, kusiya anthu amene ali ndi jakisoni wa adrenaline wokupulumutsani. Musatero.

Katemera wa mRNA nthawi zina amatupitsa mnofu wa mtima, makamaka kwa anyamata ndi abambo achichepere, kawirikawiri m'sabata yoyamba atalandira wachiwiri. Pachifuwa pakamapweteka, mpweya ukamaperewera, mtima ukamagunda mosalongosoka, pempherani muli pa ulendo wakuchipatala, ndipo mukafika nenani tsiku lomwe munabayitsa ndi dzina la katemerayo. Ambiri amachira akathandizidwa n'kupuma. Matenda a COVID-19 enieniwo nawonso amatupitsa mtima. Kwa AstraZeneca ndi Johnson & Johnson, vuto losowa linali magazi kuundana patatha masiku angapo mpaka masabata ochepa: mutu wosamva mankhwala, m'mimba mopweteka kwambiri, mwendo umodzi kutupa.

Mkono kuwawa, kutentha thupi pang'ono ndi kufooka kwa tsiku limodzi kapena awiri n'zachizolowezi. Imwani madzi, pumulani, ndipo zikapitirira masiku atatu kapena zikamakula, kaonaneni ndi dokotala mutanyamula khadi lanu la katemera.