Inu a ku Joni, "shooting" yanuyo mudzatiphera nayo makolo

Ndikulemba izi mtima udakali m'mwamba, ndipo amene akhumudwe akhumudwe basi. Lachiwiri lapitali mlongo wanga amene ali ku Johannesburg analemba pa gulu lathu la banja la WhatsApp kuti "Musandiyimbire, ndili pa shooting ku Hillbrow", kenako foni n'kuthimitsa. Amayi kumudzi ku Ntcheu Chingerezi sadziwa, amene amawawerengera mauthenga ndi mdzukulu wawo wa sitandade 7, ndiye mwana uja anawerenga n'kumasulira mmene anaphunzirira kusukulu, "Agogo, akuti amalume ali pamalo pamene akuwomberana mfuti." Amayi anali akupeta chimanga pakhonde, lichero linagwa, ndipo mmene anthu amandiyimbira ine ku Lilongwe n'kuti atawakweza kale pa kabaza kupita nawo kuchipatala BP itakwera. Maola asanu athunthu foni ya munthuyu osapezeka. Madzulo ndi uyo akuyimba, akuseka, ati "Asisi inunso, ndimanena zojambula vidiyo ya nyimbo, ndinapeza ganyu yonyamula magetsi."

Kuseka kumeneko ndi kumene kwandipsetsa mtima mpaka lero. Akuseka chani? Mawu oti kujambula anawaiwala liti?

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindisintha: mawu akuti shoot musamawalembere makolo anu. Mawu amenewa ndi thumba limene Azungu anaponyamo chilichonse. Kuwombera mfuti ndi shoot. Kujambula chithunzi ndi shoot, kujambula filimu ndi shoot. Wosewera mpira akamenya kulunjika pagolo ati shoot, mphukira ya nsungwi kapena ya mbatata ikangotuluka m'nthaka imeneyonso ndi shoot. Jakisoni wa katemera ku America amati shot, kathoti ka mowa waukali ndi shot, mitengo ya zinthu ikakwera mwadzidzidzi ati yachita shoot up, ngakhale munthu akafuna kukuuza kuti yankhula ndikumva amangoti shoot. Ndiye inu mukufuna mwana wa sitandade 7 asankhe tanthauzo liti pamenepa, uthenga ukuchokera ku Hillbrow, foni ili yothima? Anasankha limene aliyense akanasankha. Mwanayo sanalakwe ndipo amene akumukalipira amusiye.

Akuti matanthauzo ambiriwa anayamba kale, mawuwa ankanena za kuponya muvi mfuti zisanabwere, ndipo mu 1882 ku France Étienne-Jules Marey anapanga kamera yooneka ngati mfuti yojambulira mbalame zikuuluka. Chabwino, imeneyo ndi mbiri yawo, amayi anga siikuwakhudza.

Chimene chikuwakhudza amayi anga ndi ichi. Mayi aliyense amene ali ndi mwana ku Joni amagona khutu lili ku foni. Mu Meyi 2008 chipolowe chothamangitsa alendo chinayambira ku Alexandra, dera la mu Johannesburg, ndipo anthu 62 anafa. Mu Epulo 2015 zinabukanso ku Durban mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu athu, ena anafika kuno ndi kachikwama kamodzi kokha. Mu 2019 zinachitikanso mu Johannesburg momwemo. Ku South Africa anthu ophedwa anapitirira 27,000 m'chaka chimodzi cha 2022/23, ndipo ambiri mwa iwo ndi mfuti. Amayi manambalawa sawadziwa koma maliro obwera m'bokosi kuchokera ku Joni anawaonapo m'mudzi mwathu momwe, anakhalapo pa siwa, anamva mmene abale amavutikira kusonkha ndalama zobweretsera thupi. Munthu wotereyu ukamulembera shooting, m'mutu mwake simubwera kamera ayi. Mumabwera bokosi.

Ndiye musandiuze kuti ndi nkhani yaing'ono. Chichewa chili ndi mawu ake pa chilichonse mwa zimenezi ndipo sasokonekera. Kujambula ndi kujambula. Kubaya jakisoni ndi kubaya jakisoni. Mbewu imaphukira, mpira amamenya, mitengo imakwera, mfuti amawombera. Mlongo wanga akanangolemba kuti "ndili kojambula, ndiyimba madzulo" amayi akanamaliza kupeta chimanga chawo. Mawu anayi okha! Koma ayi, tifune kuoneka kuti tinapita kunja, tiponyemo ka Chingerezi pakati pa Chichewa ngati mchere. Mapanga awiri avumbwitsa, akuluakulu ananena kale.

Wina pagulu pomwepo wandiyankha kuti Chichewanso chili chimodzimodzi, ati kuwomba kuli ndi matanthauzo ambiri. Inde ndikudziwa. Mphepo imawomba, dzuwa limawomba, timawomba m'manja, timawomba mkota nkhani ikatha, galimoto imawomba munthu pamsewu. Koma amayi anabadwira m'mawu amenewa, akamva kuti "tamuwombera m'manja" sathamangira kukafuna bokosi chifukwa khutu lawo linakulira momwemo ndipo limadziwa kusiyanitsa lokha. Shoot sanakulire nayo. Imawafika kudzera m'kamwa mwa mwana amene akudziwa tanthauzo limodzi lokha, loopsalo, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa. Iweyo wolembawe ndi amene ukudziwa matanthauzo onse, ndiye udindo ndi wako, osati wa nkhalamba, osati wa mwana wasukulu.

Ndikubwerezanso chifukwa ena mumamva mochedwa. Polembera anzanu a ku Joni lembani shoot, shot, shooting mmene mungafunire, palibe akuletsani. Koma uthenga umene ukupita kumudzi, umene mukudziwa kuti ukawerengedwa mokweza pakhonde anthu atazungulira foni imodzi, lembani m'chilankhulo chimene munayamwira. Ngati mukuthimitsa foni nenani chifukwa chake ndi nthawi imene muyatse. Amayi anagona kuchipatala usiku umodzi, ine ndinasiya ntchito n'kukwera minibasi ndikulira njira yonse kuyambira ku depoti mpaka pa Ntcheu boma, ndalama imene ndinasungira fizi ya mwana inathera pa transipoti ndi mankhwala, zonsezi chifukwa cha liwu limodzi limene munthu analemba m'masekondi awiri osaganiza kuti likafika bwanji. Mpaka pano dzanja lawo likumanjenjemera foni ikalira usiku. Dzulo anandifunsa kuti "Mwanawe, ukunenadi zoona kuti ali moyo, kapena mukundibisira?" ngakhale anayankhula naye okha kawiri konse.

Ndipo inu amene munathamangira kuika chithunzi cha mlongo wangayo pa status ndi kandulo, ndinakuonani. Ola limodzi lisanathe, wina anali atalemba kale RIP, wina "tidzakusowa", palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyimbira ine mlongo wake kufunsa ngati zili zoona. Khalidwe limeneli lafika poipa, anthu akumamva za imfa ya m'bale wawo pa Facebook mwini maliro asanauzidwe, mfumu isanadziwe, chifukwa aliyense akufuna akhale woyamba kulengeza. Azakhali athu ku Balaka anaona status imeneyo asanamve chilichonse kwa ife ndipo anayamba kulira pamsika anthu akuona. Mwafufuta mwakachetechete, koma kupepesa mpaka lero sindinakumve.