Ana inu, kusintha chipani sikufufuta teremu ya pulezidenti

Tamverani ana inu a pa WhatsApp ndi Facebook. Pali bodza limene mukutumizirana ngati nkhani yanzeru, loti pulezidenti akatuluka m'chipani chake n'kulowa china, kapena akayambitsa chakechake, ndiye kuti materemu ake ayamba kuwerengedwanso mwatsopano. Anakuuzani ndani zimenezi? Osafunsa n'komwe, chala chafika kale pa foni, uthenga wapita ku gulu la kumpingo, la kumudzi, mpaka kwa abale a ku Joni. Khalidwe limeneli n'lochititsa manyazi.

Gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko lino likunena kuti pulezidenti amalamulira zaka zisanu, ndipo sangapitirire materemu awiri otsatizana. Za chipani mulibemo. Amene timamuvotera ndi munthu, amene amalumbira ndi munthu, ndipo zaka zimawerengedwa pa iye, kaya wavala nsalu yachikasu, yabuluu kaya ya tambala wakuda. Kodi munthu zaka zake zimachepa chifukwa wasamuka mudzi?

Zimenezi tinaziona ndi maso athu. A Bingu wa Mutharika anapambana mu 2004 pa tikiti ya UDF, ndipo mu February 2005 anatulukamo n'kuyambitsa DPP. Palibe chisankho china chimene chinachitika, palibe kulumbira kwatsopano. Teremu ija inapitirira mpaka 2009, ndipo imene anapambana chaka chimenecho inali yachiwiri, yomaliza. Akanakhala ndi moyo, bwenzi atatula pansi udindo mu 2014, DPP yomweyo ili m'manja.

Ndikudziwa pamene ena mumasokonezekera. Mumamva za Gawo 65 n'kumayesa kuti limagwira aliyense. Ayi, limenelo ndi la aphungu: phungu akasiya chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china cha m'Nyumba ya Malamulo, Sipikala atha kulengeza kuti mpando wake ulibe munthu. N'limene linavutitsa bajeti m'zaka za 2007 ndi 2008. Pulezidenti ndi wachiwiri wake saligwera. Mayi Joyce Banda anachotsedwa mu DPP mu 2010, anayambitsa People's Party, koma anakhalabe wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mpaka kulowa pampando mu April 2012. Malemu a Saulos Chilima nawo anachoka mu DPP mu 2018 udindo uli chigwirire. Ngati kusintha chipani sikumulanda munthu mpando, kungamuwonjezere bwanji zaka?

Koma chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mukuseweretsa chinthu chimene anthu anachivutikira. A Kamuzu anapatsidwa upulezidenti wamuyaya mu 1971, ndipo zinatengera riferendamu ya pa 14 June 1993 kuti tichokemo m'menemo. Malire a materemu anaikidwa ndi anthu amene mabala anali asanapole. Pasanathe zaka khumi ena anayesa kuwachotsa. Mu July 2002 bilu yoti pulezidenti aziima popanda malire inalowa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo inalephera ndi mavoti atatu okha. Atatu! Ambiri a inu munali musanabadwe pamene mipingo, bungwe la PAC ndi ophunzira a m'makoleji ankakana teremu yachitatu m'misewu, utsi wokhetsa misozi uli kobo. Ya teremu yachitatuyo nayo inafera m'mazira kumayambiriro a 2003. Mu 2009 a Bakili Muluzi, amene anali atalamulira kale materemu awiri, anabweranso, ati apumula zaka zisanu ndiye atha kuimanso. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linawakana, khothi linagwirizana ndi MEC. Tsono ngati kukhala panja zaka zisanu zathunthu sikunafufute materemu awiri aja, kusintha mtundu wa nsalu n'kumene kungathe?

Musaganize kuti mabodza otere amangodzigwera. Amene akufuna kukakamira pampando amayamba wafewetsa makutu a anthu, ndipo inu mukumugwirira ganyu yaulere ndi bandulo yanu yomwe.

Inunso ma admini a magulu, musamangoyang'ana. Wina akaponya zoterezi, mufunseni kuti zalembedwa m'gawo liti. Malamulowo ali pa intaneti, Gawo 83 ndi mizere yochepa chabe. Akalephera kulitchula, uthengawo mufufute, ndipo mwini wake mumuuze pagulu pomwepo kuti wanama.