Ku Dar es Salaam nakonso ndi kunja

Lamlungu lapitali, titangoweruka ku mapemphero, mlongo wanga anafika kwathu ku Chilomoni ndi mwana wake wachisamba, mnyamata amene anamaliza dipuloma ya zowerengera ndalama zaka ziwiri zapitazo koma mpaka lero akungosiya makalata ofunsira ntchito m'maofesi a m'tauni ndi ku Limbe popanda womuyankha. Anabwera kudzatsanzika. Mnzake wina amene amakaoda zovala ku msika wa Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam wamuuza kuti ku Dar es Salaam ntchito zili mbwee, ndipo iye watolera kale kangachepe koti kamufikitse. Nditamufunsa za mapepala, anandiyankha mwaulemu ndithu, chipewa chili m'manja: "Amalume, ku Tanzania si kunja ayi, ndi pakhomo pomwepa. Pasipoti ndili nayo, zinazo ndikaonera komweko." Mayi ake anangogwedeza mutu kuvomereza.

Mawu amenewo ndi amene andichititsa kulemba izi, chifukwa ine ndinakhalako mumzindawo zaka zinayi, ndikugwira ntchito pa kampani ina youtsa katundu padoko m'dera la Kurasini kwinaku ndikuphunzira madzulo. Maganizo anga ndi akuti ife Amalawi tinazolowera kuona ngati kunja ndi ku Joni, ku London ndi ku America kokha, ndipo chizolowezi chimenechi chimatipweteka paŵiri. Timanyoza mwayi weniweni umene uli m'maiko oyandikana nafe, komanso tikaganiza zopitako timanyamuka chinyamukire. Munthu akamapita ku Ulaya banja limakhalirana pansi, mapepala amaunikidwa katatu, ndipo mudzi wonse umamuperekeza ku Chileka. Koma wopita ku Dar es Salaam, ku Nampula, ku Lusaka kapena ku Nairobi timamutsanzika ngati akupita ku msika wa Lunzu.

Ulendo wokhawo ndi wokwanira kumuphunzitsa munthu kuti akuchoka kwawo. Kuchokera pa Wenela mumatsata msewu wa M1 kudzera ku Ntcheu, Lilongwe, Kasungu ndi Mzuzu, n'kutsetsereka phiri la Chiweta mpaka ku Karonga ndi pachipata cha Songwe. Mukaoloka mlatho mwafika pa Kasumulu, ndipo wotchi yanu yatsalira kale ndi ola limodzi. Kutsogoloko kudakali Mbeya, Iringa, nkhalango ya Mikumi kumene basi imachepetsa liwiro mbidzi ndi akadyansonga zikudya m'mbali mwa msewu, kenaka Morogoro ndi Chalinze. Ndi masiku awiri athunthu muli chikhalire. Potsika basi, chimene chimakulonjerani ndi kutentha kumene munthu wokulira m'mapiri a Blantyre, wozolowera chiperoni cha mu Juni, sanakumvepo: kutentha kwachinyezi cha m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene malaya amamatirira pamsana ngakhale pakati pa usiku. Wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwina sangadabwe kwambiri, koma ine miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndinkagona pasimenti.

Cholakwa changa choyamba chinali cha nthawi. Sabata yanga yoyamba pantchito, mkulu wina wa madalaivala anandiuza m'Chiswahili chosakaniza ndi Chingerezi kuti tikakumane pachipata cha doko mawa lake "saa nne". Ndinali nditaloweza kale manambala, choncho ndinadziwa kuti nne ndi 4, ndipo ndinalemba m'kabuku kanga kuti 4 koloko madzulo. M'mawa mwake foni inayamba kulira ili pafupi 11 koloko, munthu atalusa, magalimoto atatu ali pamzere kudikira mapepala amene anali m'chikwama changa ku ofesi. Apo m'pamene ndinadziwa kuti Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa ndi saa moja, ndiye saa nne ndi 10 koloko m'mawa. Tsiku limenelo katundu anagona padoko, kampani inalipira ndalama zoonjezera zosungira, ndipo dzina loti "Mnyasa wa saa nne" linandikakamira mpaka tsiku limene ndinachoka.

Nkhaniyi timaseka nayo tsopano, koma phunziro lake ndi lolemera. Kuno kwathu tinaleredwa ndi maganizo akuti wodziwa Chingerezi sasochera, pomwe ku Tanzania chinenero cha dziko ndi Chiswahili, ndipo Julius Nyerere anachikhazika pakati pa moyo wonse wa dzikolo: ana a m'sukulu za pulayimale za boma amaphunzira m'Chiswahili, aphungu amatsutsana m'Chiswahili, wapolisi, namwino ndi kondakitala wa daladala (minibasi za kumeneko) onse amakuyankhulani m'Chiswahili. Chingerezi chimakuthandizani m'kalasi ya ku yunivesite ndi pa makalata a ofesi, koma mukachitulutsa pamsika mitengo imakwera, ndipo ena amakuonani ngati wodzimva. Mwayi wathu ndi wakuti chinenerochi ndi chapachibale ndi chathu. Nyumba ndi nyumba, mbuzi ndi mbuzi, moto ndi moto, madzi ndi maji, njala ndi njaa. Koma chibale chomwecho chimatchera misampha: ndinapitapo pa kagolosale kukafuna mchere, mwini wake n'kundiyezera kilogalamu ya mpunga, poti kumeneko mchele ndi mpunga wosaphika ndipo mchere wathuwu amati chumvi. Mchikumbe wa ku Thyolo atapatsidwa miyezi itatu akhoza kuchiyankhula bwino kuposa mzungu amene wakhalako zaka zisanu, bola asachite manyazi kunena shikamoo, moni waulemu wa kumeneko, kwa wamkulu aliyense.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani, pa mapepala. Mmalawi amalowa m'dziko la Tanzania popanda viza ndipo amaloledwa kucheza mpaka masiku 90, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonekera, poganiza kuti chidindo cha pa Kasumulu ndi chilolezo chochita chilichonse. Chidindocho ndi cha mlendo wodzacheza basi. Wofuna kukhala amafunika chilolezo chokhalira m'dzikomo, chimene chili m'magulu atatu: A cha odzaika chuma ndi kuchita malonda, B cha olembedwa ntchito, ndi C cha ophunzira, ofufuza, amishonale ndi ena otere. Wolembedwa ntchito amafunikanso chilolezo chogwirira ntchito chochokera kwa Kamishinala wa za ntchito, motsatira lamulo la 2015 loyang'anira kulembedwa ntchito kwa anthu amene si nzika. Amene amapempha ndi bwana wokulembaniyo, ndipo ayenera kuonetsa chifukwa chimene ntchitoyo sangaipereke kwa mwini dziko. Tsono tiyeni tinene zoona: kampani iti ingalipire ndalama zonsezo chifukwa cha mnyamata wa dipuloma ya zowerengera ndalama amene sanagwirepo ntchito, pomwe achinyamata a maphunziro omwewo ali piringupiringu m'misewu ya Posta, pakatikati pa mzindawo, ndi maenvulopu awo? Ine ndinalembedwa chifukwa kampaniyo inkatumikira amalonda a ku Malawi ndipo inkafuna munthu wodziwa zochitika pa Songwe ndi malamulo athu a msonkho. Ndinanyamuka kalata ya ntchito ili m'manja. Ngakhale geni ing'onoing'ono imene ena ankathawirako yatsekeka, pakuti mu Julayi 2025 boma la dzikolo linaletsa alendo kuchita mitundu 15 ya malonda, kuphatikizapo masaluni, kukonza mafoni ndi kutumiza ndalama pafoni.

Amene amapita opanda zonsezi ndinkawaona tsiku ndi tsiku. M'nyumba zikuluzikulu za ku Mikocheni ndi ku Mbezi Beach, alonda, osamalira maluwa ndi atsikana antchito ambiri ndi a kwathu, ndipo eni nyumba amawakonda chifukwa cha khama ndi ulemu. Mnyamata wina wa ku Nkhata Bay, amene tinkapemphera naye, analondera nyumba ina miyezi isanu ndi iwiri osalandira kanthu. Atalimba mtima n'kufunsa malipiro ake, mwini nyumba sanakalipe n'komwe. Anangotenga foni, n'kuiika patebulo, n'kumufunsa ngati akufuna kuti aitane a zolowa ndi kutuluka adzathandize kuwerengera ndalamazo. Mnyamatayo anatuluka ndi kachikwama kake usiku womwewo. Tinasonkherana yomukwezera basi, koma pachipata anayenera kuyankhabe mlandu wopitiriza masiku. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo munthu wopanda mapepala sangakuwe ngakhale akumuponda pakhosi. Chopweteka kwambiri ndi maliro, chifukwa kunyamula thupi kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndirande ndi ndalama zimene mabanja ambiri alibe, ndipo ena tinawaika komweko achibale awo akungomvera pafoni.

Pa za maphunziro ndiye pamene ndimadandaula kuti sitiyang'anako mokwanira. University of Dar es Salaam, imene eni ake amangoti Mlimani, inaima payokha mu 1970 ndipo yaphunzitsa atsogoleri ambiri a m'chigawo chino. Ku Morogoro kuli Sokoine University of Agriculture, yoyenera ndithu mwana wa dziko lodalira ulimi ngati lathu, pakuti chimanga, chinangwa, mpunga ndi matenda a ziweto amene amaphunzira kumeneko ndi omwewa tikulimbana nawo kuno, kusiyana ndi kukaphunzira ulimi wa m'dziko la chisanu. Ochepa amadziwa kuti pangano la maiko a SADC lokhudza maphunziro linasainidwa muno mu Blantyre mu 1997, ndipo limalimbikitsa mayunivesite kusungira ophunzira a m'maiko anzawo a m'chigawochi malo osachepera 5 pa 100 aliwonse komanso kuwalipiritsa ngati eni dziko. Musanalipire kanthu, lemberani sukuluyo, mutchule panganolo, ndipo yankho lake mulisunge. Dziwaninso kuti MSCE yathu imathera pa Fomu 4, pomwe anzathuwo amapitirira mpaka Fomu 6 asanalowe digiri, choncho satifiketi yokhayo siikulowetsani mwachindunji. Dipuloma yovomerezeka ndi imene imatsegula khomo, ndipo mapepala akunja amayamba aunikidwa ndi mabungwe a kumeneko monga TCU, bungwe loyang'anira mayunivesite m'dzikolo. Pobwerera, digiriyo mudzafunanso kuti bungwe lathu loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE liizindikire, ndiye n'kwanzeru kufunsa za sukuluyo musananyamuke. Ndipo kholo lililonse liwerengere za ndalama zakunja, chifukwa amene anali ndi ana kunja mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, anadzuka m'mawa fizi itakwera iwo asanapalamule kanthu.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku sindichulutsa. Nyumba imapezeka kudzera kwa dalali, munthu wopezera anthu nyumba za lendi, amene amatenga ndalama yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi, ndipo eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi. Mukaona chipinda chotchipa modabwitsa kufupi ndi chigwa cha Msimbazi, funsani kumene madzi amafika mvula ya masika ikagwa pakati pa Malichi ndi Meyi. Neti ya udzudzu ikhale chinthu choyamba kugula. Ugali wawo ndi wolimba kuposa nsima yathu, koma dagaa amakumbutsa usipa ndipo mchicha ndi bonongwe yemweyu, kotero m'mimba simusungulumwa. Mkangano wa nyanja, yomwe ife timati Malawi iwo amati Nyasa, muusiye kwa akuluakulu a boma. Pa nthawi ya tiyi ndinaphunzira kuuzemba potembenuzira nkhani ku mpira wa Simba ndi Yanga, umene sulephera kuiwalitsa Mtanzania chilichonse.

Wina asaganize kuti ndikuletsa anthu kupita. Njira imeneyi anaiponda kale akuluakulu athu. Masauko Chipembere, amene dzina lake lili pamsewu umene timadutsa tsiku lililonse popita ku Limbe, anaphunzitsapo pa koleji ya Kivukoni mumzinda womwewo atathawa kuno kutsatira mkangano wa nduna wa 1964, ndipo Kanyama Chiume anakhala m'dzikolo zaka zambiri asanabwerere mu 1994. Lero mafuta ndi magalimoto ambiri amene tikuwaona m'misewu ya Blantyre amatsikira padoko limenelo, ndipo dziko lathu likusowa anthu odziwa bwino Chiswahili, malamulo a padoko ndi kayendedwe ka katundu. Zimene ndinaphunzira ku Kurasini ndi zimene zikundidyetsa pano.

Mnyamata uja tinakambirana naye mpaka dzuwa litapendeka. Tagwirizana kuti ayambe waperekeza mnzake woodayo ulendo umodzi wa masabata awiri, akaone ndi maso ake n'kubwerera masiku ake asanathe, kwinaku tikutumiza mapepala ake kuti akaunikidwe ngati dipulomayo ingamulowetse digiri. Mlongo wanga sanakondwe, ndipo potuluka anandinong'oneza kuti ndamufooketsa mwana. Mnyamatayo ananyamula kabuku kanga kakale ka Chiswahili, kothimbirira ndi thukuta la ku Kurasini, kamene patsamba loyamba ndinajambulapo wotchi ya manambala aŵiriaŵiri. Usiku wa Lachiwiri ananditumizira uthenga pa WhatsApp wofunsa ngati saa sita ndi masana kapena pakati pa usiku, ndipo ndinamuyankha kuti ndi zonse ziwiri.